Ogula akachepetsa mkaka, mlimi wa ku Mangochi achitenji?

Ogula akati mwezi uno atenga mkaka wochepa, musasiye kukama. Mkaka ukakhalitsa m'bere, bere limatupa ndi kutentha, ndipo mkaka umayamba kutuluka wa mibulu. Kamanibe kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo.

Chochepetsa ndi madeya. Kawirikawiri kilogalamu imodzi ya chakudya chowonjezera imapita pa malita 2 a mkaka, choncho chotsani theka la kilogalamu masiku atatu alionse mpaka mkaka ufike pomwe mungagulitse. Nsenjere, masangwi a mtedza ndi madzi musachepetse ayi. M'kutentha kwa mu Okutobala kuno kunyanja, ng'ombe yokamidwa imatha kumwa malita oposa 80 pa tsiku, ndipo ikawonda imachedwa kutenga bere.

Yomwe yatsala miyezi iwiri kuti ibereke, imeneyo ndiyo muisiye kukama.

Mkaka wotsala osagulidwa uwiritseni msanga, poti kuno suchedwa kusasa. Ukazizira kufika pofunda, thiranimo chambiko cha dzulo pang'ono, vundikirani m'chiwiya choyera, mawa mugulitse chambiko. Madzi musathiremo: ogula ali ndi kachipangizo kopimira, akakupezani amabweza wonse.