Paipi ya gasi si ya mbaula ya nkhuni

Chisanu chino ndalowa m'nyumba zingapo za abale athu ku Leeds ndi ku Manchester kuno ku England, ndipo chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Munthu wagula mbaula yabwino ya nkhuni, ija yolowetsa m'chibowo cha moto pabalaza, waikhazika bwinobwino, koma utsi wake waulumikiza ku paipi yakale imene anaipeza ikulendewera m'chumuni. Ndikafunsa, yankho ndi lomwelo: "Paipi inalimo kale, tiwonongerenji ndalama?" Inalimodi, koma inali ya moto wa gasi.

Nyumba za njerwa zogundizanazi zinamangidwa anthu akuwotha malasha. Patapita zaka eni ake anaika moto wa gasi n'kutsitsa m'chumuni paipi yopindika ya chitsulo, imene kuno amati liner. Ya gasi imakhala ya khungu limodzi, yopyapyala, m'kati mwake muli timizere tokumbika. Kwa gasi n'zokwanira, chifukwa utsi wake sutentha kwambiri ndipo susiya mwaye. Utsi wa nkhuni umanyamula mwaye ndi phula, ndipo zonsezo zimakakamira m'timizere muja tsiku ndi tsiku. Phulalo likadzayaka, moto wa m'chumuni umatha kufika madigiri 1,000 a Celsius, ndipo paipi yopyapyala ija singapirire. Ikang'ambika, utsi umapeza njira m'ming'alu ya njerwa zakale n'kutulukira kuchipinda cha pamwamba kumene ana akugona, mwina ngakhale kwa aneba, popeza khoma la chumuni mumagawana.

Utsi wooneka ndi wabwinoko, umakutsokomoletsa n'kudzuka. Woopsa ndi mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo. Tonse tinakula tikumva za anthu amene anagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka osadzukanso. Ndi mpweya womwewo. Zimandipweteka kuona munthu amene amadziwa bwino nkhani zimenezo akudzibweretsera yekha ngozi yake chifukwa choumira paipi.

Komatu si ife tokha. Mlimi wina wa nkhosa kumapiri a ku Yorkshire, bambo wachikulire, anandikanira maso ali gwa kuti paipi yapadera njosafunika. Akuti bambo ake anasonkha moto moyo wawo wonse popanda za ma liner. Zoona, koma unali moto wa poyera, umene kutentha kwake kochuluka kunkathawira m'chumuni n'kumaiumitsa. Mbaula yotseka imasunga kutentha m'nyumba, utsi umakwera utazizirako, ndiye phula limachita thukuta m'njira. Bamboyu anaika mbaula m'kanyumba ka wantchito wake, n'kuilumikiza ku paipi ya gasi wa m'masilinda imene inalimo. Nkhuni zake zinali zogwetsa kumene pafamu pomwepo, zaziwisi. Chisanu chisanathe pakhoma la kuchipinda panatuluka mawanga akuda onunkha. Wosesa chumuni atabwera, burashi yake inaboola paipi ngati pepala. Mlimiyo analipira kawiri: kuchotsa yakale, kuika yatsopano, kuwonjezera makwerero a padenga ndi pulasitala. Pondisimbira ankangopukusa mutu.

Ndiye pali za mapepala. Ku England kuika mbaula kumatsata malamulo a zomangamanga a Approved Document J. Mukaika mwachinyengo mulibe satifiketi. Moto ukabuka a inshuwalansi adzaifunsa, ndipo tsiku logulitsa nyumba loya wa wogula adzaifunsanso. Chizolowezi choti "mlamu amadziwa zowotcherera, atiikira Loweruka" tichisiye.

Chochita n'chachidule. Paipi yakaleyo ichoke. Gulani ya makungu awiri, yosalala m'kati, yolembedwa kuti ndi ya nkhuni ndi malasha. Chitsulo cha mtundu wa 316 n'chokwanira ngati muziwotcha nkhuni zouma zokhazokha. Ngati muzisonkhanso malasha opanda utsi, kapena mumakonda kusiya moto ukunyeka pang'onopang'ono usiku, tengani ya mtundu wa 904, imapirira dzimbiri. Kukula kwa kamwa la paipiyo ndi mamilimita 150. Ya 125 imaloledwa pokhapokha mbaulayo ili yovomerezedwa ndi DEFRA, unduna woona za chilengedwe, ndipo opanga ake alola. Isachepe kuposa kamwa la mbaula. Muvi wojambulidwa papaipi uloze kumwamba. Ngati chumuni ili kukhoma la kunja, paipiyo ikutidwe ndi chosunga kutentha, kapena m'mbali mwake muthiridwe vermiculite, timiyala topepuka tosunga kutentha, kuti utsi usazizire. Woika akhale wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza akatswiri oika mbaula, apo ayi dziwitsani oyendera zomangamanga (building control) ku khonsolo ntchito isanayambe. Alamu ya carbon monoxide m'chipinda cha mbaula ndi lamulo kuyambira 2010. Nkhuni zisapitirire 20 peresenti ya chinyezi, ndipo wosesa azibwera kawiri pachaka.