Mmene ndinabisira madontho akuda kumaso popanda kutuwa

Ziphuphu zitatha zinandisiyira madontho akuda m'masaya, ndipo m'munsi mwa maso munkaoneka moderapo. Ndikapaka foundation (zodzola za mtundu wa khungu zopaka nkhope yonse), malowo ankatuwa ngati ndadzola phulusa. Concealer (chopaka chobisira zipsera) yowala kuposa khungu langa inangowonjezera kutuwako. Kuunjikiza foundation nako sikunathandize, pofika masana inkang'aluka.

Chinandipulumutsa ndi colour corrector (chopaka choziziritsa mtundu wa madontho) ya olenji. Kuda kotereku kumatha kupendekera ku buluu, ndipo olenji ndi mtundu wotsutsana ndi buluu, choncho umakuziziritsa. Anzanga oyererapo, inu tengani ya pichesi. Corrector yobiriwira ndi ya malo ofiira.

Ndimayamba ndi sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) ya mphamvu ya SPF 30, poti dzuwa limadetsanso madonthowa. Kenako corrector, kadontho kakang'ono zedi, pamalo akudawo basi. Apa ndiye pagona nkhani: ndimagogoda pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala, osatikita, n'kudikira kuti iume. Mukapupuluma, olenjiyo imasakanikirana ndi foundation, tsaya lonse n'kusanduka lofiirira. Ikauma ndimadinda foundation ndi siponji yonyowa, osakhula, n'kumalizira ndi paudala wochepa. Kachubu kamodzi ka corrector kamakhala miyezi yambiri.