Wosewera akavulala bondo kapena phewa: zoyenera kuchita kuyambira m'bwalo mpaka kwa dokotala wa mafupa

Wosewera akagwa atagwira bondo, anzake amathamangira kukamukoka mwendo, wina kumuthira madzi, kochi ali "dzuka, gemu isanathe." Zimandiwawa ndikamaona zimenezi, chifukwa bondo limene likadachira bwinobwino limakathera pomwepo. Ngati muli ndi timu ya mpira wa miyendo kapena wa ntchemberembaye, ngakhale ya m'mudzi, tsatani ndondomeko iyi.

Choyamba, mutulutseni m'bwalo ndipo mumufunse

Asayesere kuthamanga kuti aone ngati kuli bwino. Mufunseni ngati anamva kuti "thwa!" m'kati mwa bondo, komanso ngati bondolo linafooka mwadzidzidzi ngati mwendo si wake. Akavomera, ndipo bondo n'kutupa pasanathe maola awiri, kawirikawiri umakhala mtsempha wa pakati pa bondo umene madokotala amautchula kuti ACL. Kutupa kwa msangako ndi magazi amene akukhuthukira m'kati. Mtsemphawu umaduka ngakhale munthu asanagundidwe: kungotera molakwika atadumpha, kapena kutembenuka phazi litakakamira pansi. N'chifukwa chake vutoli silisowa ku ntchemberembaye, komwe wosewera amaima mwadzidzidzi akangowakha mpira, ndipo atsikana limawagwera kwambiri kuposa anyamata.

Chachiwiri, ziziritsani, musathowe

Kwathu kuno tinazolowera kuthowa ndi madzi otentha, kusisita mwamphamvu, ena mpaka kutemera mphini. Masiku awiri kapena atatu oyambirira zonsezi zimangowonjezera kutupa. Kulungani ayisi m'kansalu n'kuika pabondo mphindi 15 kapena 20, kenako mubwerezenso pakapita maola awiri. Ayisi akasowa, gulani mafirizi kwa amayi ogulitsa pabwalo pomwepo, amagwira ntchito yomweyo. Mangani bandeji mosathinitsa, ndipo akagona mwendo ausanjike pa pilo. Panado amachepetsako ululu.

Koma ngati mwendo wapindika modabwitsa, phazi lazizira kapena lachita dzanzi, kapena akulephera kuponda ngakhale masitepe anayi, pezani galimoto nthawi yomweyo.

Chachitatu, phewa likaguluka musalibwezere nokha

Izi zimagwera kwambiri magoloboyi ndi aliyense wogwera pa dzanja lotambasula. Mudzaona phewa lataya kubulungira kwake, mwini wake atagwirizira mkono ndi dzanja linalo, osafuna kuti wina aukhudze. Pabwalo sipalephera kupezeka munthu wonena kuti amadziwa kukoka. Mukaneni mwaulemu. Pafupi ndi phewa pamadutsa mitsempha, ndipo mwina fupa lathyokanso inu osadziwa. Tengani chitenje, mukoleke mkonowo m'khosi momwe iye akumvera bwino, mupite naye kuchipatala. Asadye kapena kumwa kanthu panjira, chifukwa mwina akamugoneka ndi mankhwala kuti alibwezere.

Chachinayi, kuchipatala musakhutire ndi X-ray yokha

Yambirani pa chipatala cha boma chapafupi, buku la kuchipatala lili m'manja. M'zipatala za m'maboma muli ma orthopaedic clinical officer, omwe ndi amene amasamalira anthu ambiri ovulala mafupa m'dziko muno. Iwowa akaona kuti nkhaniyi ikufunika dokotala wa opareshoni ya mafupa, amalemba kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Mzuzu Central, kapena Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kulinso chipatala cha mafupa cha LION.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. X-ray imaonetsa mafupa basi. Akakuuzani kuti "fupa silinathyoke" sindiye kuti bondo lili bwino. Dokotala amayenera kuligwira ndi manja, kukokera fupa la msongolo kutsogolo kuti amve ngati mtsempha ukugwira, ndipo akakayika amalamula MRI, makina amene amaonetsa mitsempha ndi kachichereche kokhala pakati pa fupa la ntchafu ndi la msongolo, kotchedwa meniscus. Ngati bondo limakakamira osatheka kuliwongola, kapena limafooka potsika chitunda, nenani zimenezo momveka, ngakhale ululu utatha kalekale.

Chachisanu, kambiranani za opareshoni

Si aliyense woduka ACL amene amafunika mpeni. Wongofuna kuyenda ndi kupalasa njinga angathe kukhala bwino ndi mafizo okha. Koma wofuna kubwereranso kukadumpha ndi kuzemba adani m'bwalo, nthawi zambiri dokotala amamulangiza opareshoni. Amatenga mtsempha wina wa mwendo, kumbuyo kwa ntchafu kapena kutsogolo kwa bondo, n'kuulowetsa m'malo mwa wodukawo, kudzera pa timabowo ting'onoting'ono mothandizidwa ndi kakamera. Sathamangira: amayamba adikira kuti kutupa kuphwe ndipo bondo liziwongoka lonse. Phewa nalo likamangogulukaguluka, zomwe zimachitika kwambiri kwa achinyamata, amasokerera mnofu umene unanyotsoka m'mphepete mwa kamphako komwe fupa la mkono limalowa. Funsani za mtengo, nthawi yodikira komanso amene adzakuchititseni mafizo musanasaine chilichonse.

Chomaliza, mafizo, ndipo musapupulume

Opareshoni ndi ya maola ochepa, koma mafizo ndi a miyezi. Poyamba ndodo, kuwongola bondo ndi kudzutsa minofu ya ntchafu imene imafota msanga. Kenako njinga, kuthamanga molunjika, ndipo kutembenuka ndi kudumpha kumabwera kumapeto. Madokotala amanena miyezi 9 mpaka 12 munthu asanasewere gemu, chifukwa mtsempha watsopanowo umakhala usanakhwime ngakhale mwini wake akumva bwino. Wosewera ntchemberembaye wa kuno kwathu, Mwawi Kumwenda, anaduka ACL mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, mpaka anaphonya World Cup ya 2019. Mu 2020 Vixens inatenga chikho, iye n'kusankhidwa wosewera bwino pa fainolo.

Kochi akamakakamiza kuti bonanza yayandikira, muyeseni wosewerayo pamaso pa wa mafizo. Adumphe ndi mwendo wovulalawo wokha, kenako ndi winawo. Ngati mtunda ukusiyana kwambiri, kapena bondo likugwera m'kati potera, kapena latupanso m'mawa mwake, abwerere ku mafizo.