Momwe mungadziwitsire apolisi za msonkhano kapena zionetsero mu Lusaka

Anthu ambiri kuno amanenabe kuti akupita kupolisi kukapempha chilolezo, chonsecho chilolezocho chinathetsedwa mu 1996, pamene khoti la Supreme, pa mlandu wa a Christine Mulundika ndi anzawo 7, mmodzi mwa iwo a Kenneth Kaunda, linagamula kuti kupempha chilolezo kukutsutsana ndi ufulu wolankhula ndi wosonkhana umene uli m'ndime 20 ndi 21 za malamulo aakulu a dziko. Lamulo loona za misonkhano ndi zionetsero la Public Order Act, limene atsamunda anatisiyira mu 1955, linakonzedwa chaka chomwecho, ndipo chimene linafuna kwa inu kuyambira pamenepo ndi kudziwitsa basi.

Lembani kalata kwa mkulu wa apolisi wa dera lanu, ifike kutatsala masiku osachepera 7. Tchulanimo tsiku, nthawi yoyambira ndi yomalizira, malo, ndiponso njira imene mudzayende; ngati mukuchokera ku Matero kupita pa Freedom Statue, lembani msewu uliwonse ndi dzina lake, chifukwa kalata yongoti "tidzadutsa m'tauni" imapatsa wosafuna zionetserozo ponamizira. Lonjezaninso kuti mudzasunga bata ndi kuti mudzakhala ndi anthu okwanira oyang'anira gulu.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: amasiya kalata pakauntala n'kubwerera chimanjamanja. Tengani makope awiri, ndipo musachoke mpaka wolandirayo atadinda chidindo cha tsikulo pa kope lanu ndi kusainapo, ngakhale atakukhazikani pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Mukatero lijambuleni pafoni, popeza pepala limanyowa m'thumba nthawi ya dzinja.

Apolisi akaona kuti sangathe kuteteza msonkhanowo, ayenera kukuuzani zifukwa zake molemba kutatsala masiku osachepera asanu, n'kutchula tsiku lina. Mawu apakamwa akuti "tilibe apolisi okwanira" musawalandire ngati yankho, koma pemphani mwaulemu kuti awaike papepala. Zifukwazo zikapanda kukukhutiritsani, kadandauleni kwa nduna yoona za m'dziko, ndipo nayonso ikakana, nkhaniyo ipite ku High Court.

Pa tsikulo, wotsogolera akhale ndi kope lodindidwalo m'manja, oyang'anira gulu avale zozindikirika mosavuta, ndipo loya wanu adziwe komwe muli. Popeza zosintha lamuloli zakhala zikukambidwa kwa zaka zambiri, funsani loyayo musanalembe kalata kuti akuwerengereni masiku molingana ndi lamulo limene likugwira ntchito pa nthawiyo.