Mtengo wa pa chikwangwani si umene muyenera kuyambirapo pogula nyumba kunja

Mtengo umene mwauona pa masamba a pa intaneti otsatsa nyumba, monga Rightmove kapena Property24, ndi khumbo la mwini nyumba basi. Ena amaukweza dala kuti pakhale ponenerera, ena amautsitsa dala kuti ogula achuluke n'kuyamba kulimbirana. Ndiye musataye nthawi kudzifunsa kuti muchotsepo zingati pa mtengowo. Fufuzani kaye kuti nyumba zofanana nayo, za m'dera lomwelo, zagulidwa ndalama zingati miyezi yapitayi.

Zimenezi sizobisika. Ku England ndi Wales, HM Land Registry imasunga mitengo imene nyumba zinagulidwiradi, ndipo mutha kuiona ulere pa intaneti. Ku Ireland kuli Property Price Register, yomwe ili ndi mitengo kuyambira 2010. Ku South Africa zimalembedwa ku Deeds Office, ndipo ejenti wogulitsa nyumba akhoza kukutulutsirani lipoti la nyumba zimene zagulitsidwa chapafupi mukamupempha. Pezani zitatu kapena zinayi zofanana ndi yanuyo kukula kwake ndi zipinda zake, muone kuti yanuyo ikuziposa pati ndipo ikuchepa pati. Ngati denga likudontha, mawindo ndi akalekale, kapena pakhoma la kuchipinda pali nkhungu yakuda kuseri kwa wodilopu, zonsezo ndi ndalama zochotsera.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi ku banki. Banki simabwereketsa potengera mtengo umene mwagwirizana ndi mwini nyumba. Imatumiza munthu wake kukaiyesa nyumbayo, ndipo akaipeza kuti ndi yotsikirapo, ngongole imawerengedwa pa mtengo wotsikawo. Tiyerekeze kuti mwalonjeza £250,000, muli ndi dipoziti ya £25,000, ndipo banki inavomera kukupatsani 90 peresenti. Woyesa uja akanena kuti nyumbayo ndi ya £235,000, banki ikupatsani £211,500 yokha. Zotsalazo, £38,500, zichoke m'thumba mwanu. Apa ndiye kuti £13,500 imene simunaikonzekere ikufunika msangamsanga. Kwa ife obwera nkhaniyi imawawa kwambiri, chifukwa mabanki ena amafuna dipoziti yokulirapo kwa munthu amene akukhala pa viza, ndipo ku South Africa munthu amene sakhala m'dzikomo nthawi zambiri amabwerekedwa theka lokha la mtengo wa nyumba.

N'chifukwa chake malire anu muwalembe papepala musanapite kukaona nyumba, mutu udakali wozizira. Malirewo asakhale ndalama zonse zimene banki yati ingakupatseni. Banki imaona malipiro anu ndi ngongole zanu, koma sidziwa bwino za ndalama zimene mumatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi, za tikiti ya ndege yogula mwadzidzidzi kukagwa zovuta, kapena za kukonzetsanso viza ya banja lonse. Chotsaninso msonkho wogulira nyumba, womwe ku England ndi Stamp Duty pomwe ku South Africa ndi transfer duty yopita ku SARS (bungwe lotolera misonkho), ndalama za loya, za katswiri woyendera nyumba, ndi zosamukira. Ngati mwangofika kumene ku England, dziwani kuti kuyambira April 2021 wogula amene sanakhale mu UK masiku 183 m'miyezi 12 asanagule nyumbayo amawonjezeredwa 2 peresenti pa Stamp Duty. Mukagula fulati, funsani za ndalama zosamalira malo zimene muzilipira, komanso, ku England, zaka zimene zatsala pa lease, pangano limene limakupatsani fulatiyo kwa zaka zowerengeka. Zikatsika kufika pansi pa 80, kuziwonjezera kumakwera mtengo.

Tsopano muyang'aneni wogulitsayo. Nyumba yakhala pamsika nthawi yaitali bwanji? Anaitsitsapo kale mtengo? Akusamukiranji, ndipo wapeza kale kopita? Nyumba imene yatha miyezi yambiri popanda woifuna, mutha kuyamba motsika ndithu, bola mupereke chifukwa: mutchule nyumba ziwiri za m'msewu momwemo ndi mitengo yake, mutchule dengalo. Mtengo wotsika wopanda chifukwa umangokwiyitsa mwini nyumba. Koma ngati yangotuluka sabata ino ndipo anthu akuchita kudikirana pakhomo kuti aione, kuyamba motsika n'kungodzichotsa nokha pamzere.

Ejenti akhoza kukhala wansangala, kukuyamikirani ana, kukuuzani kuti nyumbayi ikukuyenerani. Musaiwale kuti womulipira ndi wogulitsa. Musamuuze malire anu. Chimene muyenera kumuuza ndi mphamvu zanu: muli ndi kalata ya ku banki yosonyeza kuti ngongole mutha kupatsidwa, dipoziti ili m'manja, ndipo simukudikira kugulitsa nyumba ina. Wogulitsa wachangu nthawi zina amasankha wogula wotere kusiya wina wotchula ndalama zambiri.

Kulemera kwa mawu anu kumasiyana dziko ndi dziko, ndipo apa safunsa anadya phula. Ku England ndi Wales, mtengo ukavomerezedwa palibe amene wamangika mpaka maloya atasinthana makontrakiti. Wogulitsa akhoza kukusiyani wina akabwera ndi zambiri, zimene amazitcha gazumping, koma inunso mutha kutsitsa mtengo katswiri akapeza vuto. Ku Scotland nyumba zambiri zimalembedwa kuti offers over, kutanthauza kuti mutchule zoposa mtengo walembedwawo, wogulitsa amapereka Home Report yokhala ndi mtengo woyesedwa, ndipo mtengo wanu umaperekedwa kudzera mwa loya, kawirikawiri pa tsiku lotsekera limodzi ndi anzanu amene simukudziwa kuti atchula zingati. Zopitirira mtengo wa mu Home Report nthawi zambiri banki siziwerengera, ndi za m'thumba mwanu.

Ku South Africa ndiye samalani kwambiri. Pepala la Offer to Purchase likasainidwa ndi nonse awiri, malonda atheka, kubwerera m'mbuyo n'kovuta ndiponso kodula. Musanasaine, onetsetsani kuti mwalembedwa zoti malondawo adalira banki kuvomera bond, ngongole yogulira nyumba, ya ndalama zakutizakuti pofika tsiku lakuti, ndiponso katswiri kuiyendera nyumbayo, pakuti zambiri zimagulitsidwa voetstoots, momwe zililimo. Ikanimonso tsiku limene mtengo wanuwo uthere mphamvu, kuti wogulitsa asayende nawo kwa ogula ena n'kumawakwezera.