Momwe mungapezere mapaipi a mabuleki a sitima zakale zosungidwa

Sitima za pamtunda zakale zomwe magulu a anthu odzipereka amazisunga ndi kuziyendetsa, monga za pa njanji ya Talyllyn ku Wales yomwe anthu otere anaitenga mu 1951, zili ndi zitsulo zotha kukhala zaka zoposa zana, koma paipi ya mphira yolumikiza mabuleki pakati pa mabogi imakalamba ngakhale sitimayo itangoima m'shedi. Imauma, imang'aluka m'mapindiko, ndipo siwotcherereka ngati chitsulo.

Choyamba, dziwani mtundu wa mabuleki omwe muli nawo. Pa mabuleki a vacuum, mutu wa sitima umayamwa mpweya m'mapaipi kuti mabuleki amasuke, ndipo mpweya ukalowanso amagwira. Ku Britain geji yoonetsa mphamvu ya kuyamwako inkafika mainchesi 21, kupatula pa njanji za Great Western Railway pomwe inkafika 25. Paipi yotere imapanikizidwa ndi mpweya wa kunja, n'chifukwa chake m'kati mwa mphira muli waya wozungulira woiteteza kuti isaphwafuke. Pa mabuleki a mpweya wopopa zinthu zimatembenuka: mpweya wa 5 bar (muyezo wa mphamvu ya mpweya) umakankha kuchokera m'kati, ndipo paipi yake ndi yocheperako m'mimba koma yolukidwa ndi ulusi wolimba. Njanji za kuno kummwera kwa Africa zinatengera vacuum kwa Angelezi, kotero amene akusamala mabogi akale ku Livingstone kapena ku Bulawayo akukumana ndi vuto lomweli.

Kenako chotsani paipi yakaleyo mosamala, ndipo musaitaye, chifukwa ndiyo chitsanzo chomwe wopanga adzafune kuona. Yezani kukula kwa m'mimba mwake, komwe pa mabogi a vacuum a ku Britain nthawi zambiri ndi mainchesi awiri, yezaninso kutalika kwake pamodzi ndi mbali zofewa za kumapeto zomwe zimavekedwa pa chitsulo. Kutalikaku sikofunika kungoyerekeza: paipi yaifupi imakokeka n'kulekana sitima ikamakhota, pamene yaitali kwambiri imalendewera n'kumakhula pa zitsulo zokokera. Mitu yachitsulo ya kumapeto, ija ya nyanga zokolana, itsukeni dzimbiri ndi kuisunga ngati siinasweke, pakuti kawirikawiri imavuta kupeza kuposa mphira weniweniyo. Mawasha a mphira a pa mituyi ndiwo musawanyengerere. Gulani atsopano, ndi ochuluka ndithu.

Tsopano nkhani ya kogula. Mapaipi a mpweya wopopa savuta kwenikweni chifukwa sitima za masiku ano zikuwagwiritsabe ntchito, ndipo ku Ulaya amapangidwa motsata muyezo wa UIC 541-1 wa bungwe la njanji la padziko lonse, womwe mungoutchula kwa wogulitsa. A vacuum ndiwo amafuna khama. Mafakitale a mphira sakonda kukonza makina awo chifukwa cha mapaipi anayi okha, choncho njira yanzeru ndi kufunsa anzanu a njanji zina kuti muitanitse pamodzi. Ku Britain njanji zambiri zotere zili m'bungwe la Heritage Railway Association, ndipo kufunsa kumeneko kumakufikitsani msanga kwa amene anagulapo posachedwa. Kunja kwa dzikolo ndi bwino kuyang'ana ku South Africa ndi ku India, maiko omwe anakhala ndi vacuum nthawi yaitali, koma tumizani chitsanzo kapena chojambula cha miyezo musanalipire, chifukwa kukula kwa mapaipi ndi kwa mitu sikufanana paliponse.

Pogula, funsani tsiku lomwe paipi inapangidwa ndi chikalata chosonyeza kuti inayesedwa. Pali mayesero awiri ofunika kuwakana. Oyamba ndi mapaipi osagwirapo ntchito omwe munthu wawapeza m'nyumba yosungira katundu atakhala zaka makumi atatu: kunja amaoneka bwino, koma mukawapinda ndi manja mumaona timing'alu tambirimbiri tikutseguka ngati nthaka ya mu Okutobala. Achiwiri ndi paipi ya pampu yoyamwira madzi, yomwe nayonso ili ndi waya m'kati ndipo ndi yotsika mtengo, koma sinapangidwe kuti izipindika ndi kugwedezeka tsiku lonse padzuwa. Mwa kuona kwanga, paipi yotere isayandikire sitima yonyamula anthu. Ngozi ya ku Armagh ku Ireland mu 1889, yomwe inapha anthu 80, ndiyo inabweretsa lamulo loti sitima za anthu zikhale ndi mabuleki ogwira okha pa mabogi onse, ndipo mabulekiwo amadalira paipi imeneyi.

Mukaiveka ndi kumanga zomangira zake, iyeseni. Pa mpweya wopopa, madzi a sopo amaonetsa pothawira mpweya ndi thovu, koma pa vacuum njirayi sigwira chifukwa mpweya ukulowa m'malo motuluka. Pamenepo mumatchera khutu kumvera kalikhweru, uku mukuyang'ana ngati singano ya geji ikutsika mutasiya kuyamwa. Pomaliza munthu apite kumchira kwa sitima akazule paipi yomaliza pa chotsekera chake, woyendetsa aone geji ikugwa. Lembani tsikulo m'buku la bogi, ndipo mapaipi otsala muwagoneke mowongoka pamalo ozizira, amdima, kutali ndi mafuta komanso mamota a magetsi, omwe amatulutsa mpweya wa ozone wowononga mphira.