Momwe mungamangire ma synthesizer ndi ma effects m'bokosi la rack loyenda nalo

Oimba kiyibodi ambiri mu Blantyre muno sakhala malo amodzi: Loweruka ali ku ukwati ku Comesa Hall, Lamulungu m'mawa ali kutchalitchi ku Ndirande kapena ku Bangwe. Zida zimafa msanga m'maulendo otere, chifukwa cha kuzula ndi kulowetsa zingwe kosalekeza komanso kugundana kumbuyo kwa pikapu. Bokosi la rack, lomwe ndi bokosi lokhala ndi zitsulo m'mbali zomangirapo ma synthesizer (zida zopanga mawu a nyimbo) ndi ma effects (zida zokometsa mawuwo), limachepetsa zonsezi. Mumamanga kamodzi, kulumikiza kamodzi, ndipo mukafika pamalo mumangotsegula zivundikiro n'kupereka zingwe ziwiri kwa wapamikisa.

1. Yezani musanagule bokosi

Zida za rack pafupifupi zonse n'zofanana m'lifupi, mainchesi 19, omwe ndi mamilimita 482.6. Msinkhu wake umawerengedwa mu ma U, ndipo 1U ndi mamilimita 44.45. Roland JV-1080 ndi Integra-7 zimatenga 2U chilichonse, pomwe Yamaha Motif Rack, Yamaha SPX90 ndi Lexicon MX200 zimatenga 1U. Phatikizani ma U a zida zanu, muwonjezere 1U ya chogawira magetsi ndi 1U ina yopitira mpweya. Mwachitsanzo, JV-1080, Motif Rack ndi reverb (chida chomveketsa mawu ngati ali mu holo yaikulu) imodzi zifuna bokosi la 6U. Kwa munthu woyenda yekha 6U ndiye polekezera. La 8U likadzaza limafuna anthu awiri kapena matayala.

Ambiri amaiwala kuya kwake. Yezani chida chachitali kwambiri kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, muwonjezere masentimita 8 kapena 10 a mapulagi. Mukapanda kutero, chivundikiro chakumbuyo chizikanikiza majaki nthawi iliyonse mukatseka, mpaka soda ya mkati idzathetheka.

Kalipentala waluso atha kukukhomerani bokosi ndi pulayiwudi ya mamilimita 9, koma zitsulo za m'mbali zomangirapo zida gulani zobowola kale. Mabowo ake satalikirana mofanana: amayenda mamilimita 15.9, 15.9, kenako 12.7, n'kuyambiranso, ndipo kuchokera pabowo la kumanzere kufika la kumanja ndi mamilimita 465. Wobowola pamanja akaphonya pang'ono, chida chachitatu sichilowa.

2. Werengani kumbuyo kwa chida chilichonse

Magetsi a ESCOM ndi 230V pa 50Hz. Ma module (ma synthesizer opanda kiyibodi) akale ambiri omwe amabwera ogwiritsidwa kale ntchito ndi a ku America, a 120V, kapena a ku Japan, a 100V. Chida chotere mukachilowetsa pakhoma mwachindunji chimapsa pomwepo. Ngati palembedwa 100–240V palibe vuto. Ngati palembedwa 117V kapena 100V, chikufuna thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo nayo mupezere malo pansi m'bokosimo. Zida zochokera ku Johannesburg mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu, koma pulagi ndi ya mano obulungira. Sinthani chingwe kapena pulagi muike ya mano atatu a kuno. Ma adaputa amakhwefuka m'njira.

3. Sanjani kenako mangani

Zolemera pansi, zopepuka pamwamba. Chida chimene mumachikhudzakhudza poimba chikhale pomwe maso akuona sikirini bwino. Chomwe chimatentha kwambiri chikhale pansi pa mpata wa mpweya uja. M'mwezi wa Okutobala, mu holo yodzaza anthu, mpata umenewo mudzauyamikira.

Goneketsani bokosi chagada, kukamwa kuyang'ane kudenga. Mukatero chida chimatsamira chokha pazitsulo ndipo simulimbana ndi kuchigwira ndi dzanja limodzi uku mukumanga ndi linalo. Onani mtundu wa mabawuti: zitsulo za mabowo a ngodya zinayi zimafuna manati otsekera m'bowo, kawirikawiri a saizi ya M6, pomwe za mabowo a mazinga kale nthawi zambiri zimalandira 10-32 kapena M5. Awiriwa amafanana kwambiri m'maso, choncho bawuti ikayamba kulimba mutangozungulitsa kawiri, isiyeni, si yake. Ikani mawashala apulasitiki kuti penti asakalike. Lowetsani mabawuti onse anayi mosalimbitsa, muyambe ndi apansi, ndipo mulimbitse pamapeto zida zonse zitakhala m'malo. Gwiritsani ntchito sikuludiraiva yapamanja, osati dirilo.

Zida za theka m'lifupi, monga Roland JV-1010, zilibe makutu omangira. Zimenezi zimafuna shelefu ya 1U, n'kuzigwiritsa ndi bawuti yapansi kapena velcro yolimba.

4. Zingwe

Apa ndiye pofunika kufatsa. Zingwe za magetsi ziyende mbali imodzi ya bokosi, za mawu mbali inayo, ndipo ngati zikumana zidutsane mopingasa, zisayende limodzi. Ma adaputa amagetsi akuda omwe amabwera ndi zida zina amangirireni ndi makebo tayi pachogawira magetsi, kutali ndi zingwe za mawu, chifukwa ndiwo amakonda kubweretsa kulira.

MIDI, yomwe ndi njira imene kiyibodi imalamulira ma module, iyende motere: kuchokera pa OUT ya kiyibodi kupita pa IN ya module yoyamba, kuchokera pa THRU yake kupita pa IN ya yachiwiri. Musalakwitse n'kulowetsa pa OUT, chifukwa pa zida zambiri OUT sipereka zomwe zalowa. Module iliyonse ipatseni tchanelo yake mwa matchanelo 16 a MIDI. Zida zikaposa zitatu, gulani kabokosi ka MIDI thru m'malo mozilumikiza mndandanda wautali.

Ngati ma module ndi awiri kapena kuposa, kamikisa ka 1U kamathandiza kwambiri: onse alowe mmenemo, reverb muilumikize pa aux send ndi return (potumizira mawu ku reverb ndi pobwererapo), ndipo kutuluke zingwe ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja. Zingwe zamkati zikhale zazifupi, koma zosakoka. Mbali zonse ziwiri za chingwe chilichonse matanipo tepi n'kulembapo dzina, kuti tsiku lina chikazuka mumdima kuseri kwa siteji musamachite kulota.

5. Yesani kunyumba

Yatsani rack poyamba, kenako mikisa, amplifaya pomaliza. Pozimitsa yambani ndi amplifaya. Mukamva kulira kwa mmmm kosalekeza m'masipika, zulani zida chimodzichimodzi mpaka mupeze chomwe chikuyambitsa. Kawirikawiri zimatha mukatenga magetsi a rack ndi a mikisa pa soketi imodzi, kapena mukadutsitsa mawu pa DI box (kabokosi koikidwa pakati pa rack ndi mikisa) n'kudina batani lake la ground lift. Ena amangothyola dzino la earth papulagi. Musayerekeze: zida zonse m'bokosimo ndi zitsulo zokhudzana, chida chimodzi chikalakwika mphamvu ija idzadutsa mwa inu.

Magetsi akazima pakati pa mwambo, zimitsani rack msanga. Jenereta ikalira, dikirani ikhazikike kaye musanayatsenso.

6. Paulendo

Tsekani zivundikiro zonse ziwiri poyenda, koma poimba zichotseni zonse kuti mpweya uzidutsa. M'galimoto bokosi likhale pa siponji kapena bulangete, lomangidwa kuti lisamaseseleke, ndipo sipika isakwere pamwamba pake. Nthawi ya chiperoni, mukafika nalo lozizira mu holo yofunda, litsegulenitu lipume mphindi 20 musanayatse kuti chinyontho chiume. Pakatha mwezi uliwonse yendani ndi sikuludiraiva pamabawuti onse, chifukwa mabampu ndi maenje a m'misewu ya m'makomboni amawamasula pang'onopang'ono.